Tchaja Imodzi ya a Wezulo

Mumsewu mwathu tinali ndi bambo amene ankathamangitsa malaputopu ngati ana a sukulu pa tsiku la masewera. Ankawaika awiri patebulo moyandikana, n'kuimirira kumbuyo kwawo chifuwa chili patsogolo, kenako n'kuliza wezulo. Wezulo yeniyeni ya mpira, yachitsulo, yomangidwa ku chingwe cha nsapato. N'chifukwa chake dzina lawo la ubatizo linafa eni ake akali moyo. Aliyense ankangoti a Wezulo, moti tsiku la maliro abusa atatchula dzina lenileni, anthu ena anayang'anana poganiza kuti alowa maliro a eni.

Ine ndine wa saluni, khomo loyandikana ndi lawo. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma makutu anga ali ndi digiri. A Wezulo ankanditcha Wailesi, ati kusiyana kwake n'koti ine sindifuna batire. Khonde lathu ndi limodzi: saluni yanga, kenako kachipinda kawo kotaipira makalata ndi kusindikiza zithunzi, kenako wokonza mafoni, kumapeto telala wogontha khutu limodzi. Khoma la pakati pa ine ndi iwo ndi la matabwa opyapyala, ndiye zimene ndikuuzenizi sindinachite kufunsa munthu. Zinkabwera zokha.

Pa unyamata wawo ankaimbira mpira, ndipo chimene ankanyadira kwambiri n'choti tsiku lina anathamangitsidwa ndi ochemerera a matimu onse awiri nthawi imodzi.

"Umenewo ndiye umboni wa chilungamo, Wailesi," ankatero. "Akakuthamangitsa a mbali imodzi yokha, ndiye kuti unadyapo kanthu."

Ana anali nawo awiri, onse aamuna, ndipo ankangowaitana kuti Chisamba ndi Mzime. Anyamatawa anakula bwino, anapeza ntchito kutali, wina uku wina uko. Zinaipa pa ukwati wa Mzime. Chisamba anapatsidwa maikolofoni atamwa kale zinthu zimene sizinali pa pulogalamu. Anayamikira mkwatibwi bwinobwino, kukongola, ulemu, kugwira ntchito, zonse. Kungoti dzina limene ankamutchula linali la chibwenzi chakale cha mng'ono wakeyo. Osati kamodzi ayi. Ndipo mwini dzinalo anali pompo, pa benchi yakumbuyo, n'kumayankha kuti zikomo.

Kuyambira tsiku limenelo awiriwo sankamwerana madzi. Wina akamva kuti mnzake ali kwa makolo, ankatembenukira pa depoti.

Ndiye kompyuta yakale ya a Wezulo inafa, inatulutsa utsi ngati yapsa mtima. Chisamba atamva anatumiza laputopu yakuda, yonenepa, yolemera moti ikanakugwera paphazi ukanakagona kuchipatala. Mzime naye anamva. Sindikudziwa anamuuza ndani, ine ndinangotchulako kwa mkazi wake ndikumuluka tsitsi. Posakhalitsa inafika ina, yotuwa, yopyapyala ngati mbale yopatsira alendo. Kenako mafoni anayamba kulira.

"Bambo, patebulo panu sipangakhale malaputopu awiri," anatero Chisamba. "Musiye yothamanga. Inayo mupatse ana azisewerera."

Mzime naye chimodzimodzi: "Bambo, ya achimwene mwaiona, yanga mwaiona. Mungonena. Ngati yanga ili yachabe, ndimva, ndipo sindidzakuvutitsaninso ndi nkhope yanga."

Ngakhale ine wosaphunzira ndinamva kuti apa sakusankhitsa makina. Laputopu imene ikanatsika patebulo paja ikanatsika ndi mwana wake, ndipo phazi la mwanayo silikanapondanso pakhomo. A Wezulo anakanda dazi lawo n'kuyankha onse awiri mawu amodzi: "Nkhani ya purosesa siiweruzidwa pafoni. Ndiyenera kuyesa kaye."

Ine ndinasuzumira pakhomo, chipeso chili m'manja.

"Purosesa n'chiyani, a Wezulo? Amamwera mankhwala?"

"Ndi ubongo wa makinawa, Wailesi. Chinthu chija iwe umachisiya kunyumba pobwera kuno."

"Ndimachisunga kuti chisathe. Pitirizani."

"Ya Chisamba ili ndi antchito ambiri mkati mwake. Ukaipatsa katundu wolemera amagawana, ngati anthu onyamula kabati. Koma ndi adyera, ndipo amatuluka thukuta. Ya Mzime antchito ake ndi ochepa, koma aliyense ndi wamiyendo, komanso sadya moto wambiri."

"Ndiye yabwino ndi iti?"

"Lole ndi njinga yamoto, chabwino n'chiti?"

"Zitengera mwanyamula chiyani."

"Waona? Akanangokulipirira teremu ina imodzi, bwenzi uli nduna."

Mpikisano waukulu unali wa vidiyo. Malaputopu onse awiri ankapatsidwa chidutswa chimodzimodzi cha vidiyo ya ukwati uja kuti achichepetse, chikwane pafoni. Wezulo ikalira, a Wezulo ankadina mabatani awiri nthawi imodzi ndi zala zamkombaphala, manja atatambasula ngati akudalitsa mpingo. Pa sikirini iliyonse pankatuluka kamzere kobiriwira koyenda pang'onopang'ono, ndipo kamene kayambe kufika kumapeto ndiye kawina. Mungaganize kuti palibe munthu wamaganizo angaime kuonerera kamzere. Bwerani mumsewu mwathu. Makasitomala anga ankatuluka mutu woluka mbali imodzi, kwinaku kuli yakayaka, n'kumakuwira kamzere ngati kali ndi makutu. Telala anali wa timu ya Chisamba, ati chinthu cholemera sichinama. Atsikana a mu saluni anali a Mzime, chifukwa laputopu yake inkaoneka yosamba.

Mpikisano ukatha, a Wezulo ankaonetsa vidiyo ija, ati kuona ngati purosesa sinadumphe kanthu. Tinaionera mpaka kuiloweza: Chisamba ndi Mzime akuvina atakolekana mikono m'khosi, mataye ali pamsana, pakamwa pali mano okhaokha. Ndiye Chisamba n'kutambasula dzanja kuti alandire maikolofoni, vidiyo n'kuthera pompo.

"Bwanji simufika pa zolankhula zija?" ndinawafunsa tsiku lina. "Pamenepo ndiye pali ndiwo."

"Pamenepo purosesa ingapse," anatero.

Panalinso mayeso ena. A kutentha ankabwereka mafuta anga a tsitsi, n'kuwapaka m'tizitsekerero ta mabotolo, n'kutiika pamene pamatulukira mpweya wa laputopu iliyonse kuti aone amene ayambe kusungunuka. Mafutawo sankabweza. Nditadandaula anasintha njira, anayamba kugwiritsa ntchito mphaka wa telala: laputopu imene mphaka waigonera ndiye yotentha kwambiri. Mphakayo tsiku lina anagona pakati pa awiriwo, mutu kwa Chisamba, mchira kwa Mzime, ndipo a Wezulo anamugwira dzanja n'kunena kuti ali ndi tsogolo pa ntchito yoimbira. A phokoso la fani ankaletsa khonde lonse kupuma. Ine ndizime choumitsira tsitsi, telala aimitse makina. Woweruza wake n'kukhala telala yemweyo, ndipo khutu limene ankatchera linali logontha lija.

Koma panali vuto limodzi, ndipo apa mumvetsere. Tchaja inali imodzi. Laputopu iliyonse inabwera ndi yake, koma a Wezulo anati ina inadyedwa ndi makoswe sabata yoyamba yomwe. Ya ndani? Ati makoswe sanasiye dzina. Mwamwayi pakamwa pa malaputopu onsewo panali pofanana, ndiye tchaja yotsalayo inkalowa konsekonse. Pofuna chilungamo anaika lamulo: lero tchaja igona kwa Chisamba, mawa kwa Mzime, ngati mwamuna wamitala wodziwa ntchito yake. Lamuloli linalowa mpaka m'nyumba. Tsiku la Chisamba a Wezulo ankaitana akazi awo kuti amake Chisamba, kukacha n'kukhala amake Mzime. Mayiwo ankangovomera onse awiri, ati bola tiyi amwe.

Zotsatira za mpikisano zinali zodabwitsa. Lero awina Chisamba. Mawa Mzime. Mkuja Chisamba. A Wezulo ankapukusa mutu ngati dokotala amene wakumana ndi nthenda yatsopano.

"Nkhaniyi ndi yakuya," ankatero. "Ifunika kuyesabe."

Wokonza mafoni ndi amene analephera kupirira. Ndi munthu wodziwa ntchito yake ndithu, ngakhale foni yanga anaibweza ikulankhula ngati ili m'chitsime. Tsiku lina anadula pakati pa gulu, sikuludiraiva ili kukhutu.

"A Wezulo, pepani, ndinu akulu, koma zimenezi n'zamasewera. Laputopu ikakhala pa batire, purosesa imadzigwira kuti moto usathe msanga. Imene ili ku magetsi ndiyo imathamanga ndi mphamvu zake zonse. Inu tsiku lililonse mukuthamangitsa wokhuta ndi wanjala. Ndikubwerekeni tchaja yanga, zonse zikhale ku magetsi, nkhaniyi ithe lero lomwe tisanadye."

A Wezulo anapisa m'thumba la malaya pang'onopang'ono n'kutulutsa khadi yofiira. Anali ataidula ku katoni ya sopo, kumbuyo kwake kunkaonekabe thovu lojambula.

"Kulowa m'bwalo popanda chilolezo. Tuluka."

"Koma bambo, ndi sayansi imeneyi."

"Kutsutsana ndi woimbira. Ukufuna ndikuwonjezere?"

Kuyambira pamenepo wokonza mafoni analetsedwa kuponda khonde la kutsogolo kwa kachipinda kaja. Akafuna kupita kumpopi ankatsikira mumsewu, kuzungulira ngalande, n'kukwereranso kwa ine. Mvula ikamagwa ndinkamumvera chisoni, koma ndinkaseka kaye.

Tonse tinagwirizana kuti mutu wa a Wezulo nawo unkayendera batire. Ine nkhaniyo ndinangoinong'oneza anthu owerengeka, koma mukudziwa mmene mphepo imayendera, inakafika kwa ana onse awiri. Chisamba anatumiza tchaja yatsopano pa basi. Sinafike, ati kondakitala anaitsitsa pa siteji yolakwika. Mzime anatumiza yake ndi mnzake wa kuntchito. Inafika, koma ati inali yodwala kale. Chisamba anabwera nayo ina yekha m'manja, n'kuilowetsa yekha pa soketi. Kutacha a Wezulo anamuimbira ndi mawu achisoni kuti magetsi anabwera mwaukali, tchaja yapita. Anyamatawa anatumiza matchaja okwanira kutsegula shopu, koma patebulo paja pankakhalabe imodzi yomwe ija, yomatidwa tepi m'khosi.

Ndiye panabwera mafainolo. A Wezulo ankaimbira mwana aliyense payekha: "Loweruka ndi fainolo. Ukapanda kubwera, usadzati ndinakubera." Ndani angalole kuberedwa m'bale wake akuona? Onse ankafika. Ankakhala pa benchi yanga ya makasitomala, wina kumapeto uku wina uko, pakati pakanakwana kwaya. Amayi awo ankaika tiyi pakatipo n'kuchoka msanga ngati aika nyambo. Poyamba ankalankhulana kudzera mwa bambo awo.

"Bambo, muwauze achimwene kuti chigayo chawocho chikusokosa. Anthu akuganiza kuti tatsegula pogayitsa."

"Bambo, mumuuze kuti chimalira chifukwa chikugwira ntchito. Kambale kakeko kali chete chifukwa kakomoka."

Woluza ankadandaula za tchaja, a Wezulo n'kumvetsera mwaulemu wonse, manja kumbuyo.

"Apilo yalandiridwa. Tibwereza mwezi wamawa."

Mwezi wamawa woluza uja ankawina, winayo n'kuchita apilo. Zinayenda choncho mpaka zidzukulu zinabadwa, zinayamba kuyenda, zinayamba kubwera nawo ku fainolo n'kumasewera limodzi kuseri osadziwa kuti ndi adani. Malaputopu nawo anakalamba. Wokonza mafoni ankakuwa ali kutsidya kwa ngalande kuti mapurosesa onse awiriwo tsopano ndi agogo, foni ya mwana wa sukulu ingawapitirire ikuyasamula. Palibe ankamumvera, munthu wa khadi yofiira.

Fainolo ina, Chisamba ataluza, anaiwala kudzera mwa bambo ake. Anatembenuka n'kuyang'ana mng'ono wake m'maso.

"Iwe ndiwe chitsiru. Wawina chifukwa cha chingwe."

"Mwezi watha munawina ndi chiyani, achimwene? Ndi pemphero?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. A Wezulo anazemba n'kulowa mu saluni mwanga, n'kukhala pansi pa choumitsira tsitsi, munthu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe.

"Wamva, Wailesi? Wamutcha chitsiru. Pamaso."

"Ndiye mukusekerera chiyani? Ana anu akutukwanana."

"Munthu wachilendo sumutcha chitsiru," anatero. "Tayatsa ichi, ndimve kamphepo."

Ine ndinayatsa, ndikuganiza kuti ukalamba wafika ku purosesa.

Matenda awo sanachedwe nawo. Anayamba kutopa poliza wezulo, ikumangotuluka kamphepo ngati ketulo yoboola. Atawagoneka kuchipatala ndinapita kukawaona masana ena. Ndinawapeza achepa, dazi lokha ndi limene linali lisanasinthe. Ndinakoka mpando n'kuwayandikira kukhutu.

"A Wezulo, pano tili awiri. Ndiuzeni yothamanga zenizeni. Sindiuza munthu."

Anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona ngati atsamwa.

"Wailesi, ukanati uuza anthu ochepa, mwina ndikanakhulupirira." Anapuma kaye. "Lero tchaja ili kwa ndani?"

"Kwa Mzime."

"Ukawakumbutse amake Mzime kuti mawa ndi amake Chisamba. Asaiwale kusintha."

Sanabwererenso pakhonde.

Maliro atatha, alendo atabalalika, anyamata aja anatsegula kachipinda ka bambo awo. Sankakuwa, koma nkhope zinali zouma. Chisamba anati nkhaniyi bambo aisiya m'malere, ithe lero, aliyense anyamule chake azipita. Mzime anati n'zimene amafuna nayenso. Wokonza mafoni anaponda khonde loletsedwa lija koyamba, mwaulemu ngati akulowa m'tchalitchi, tchaja yake ili m'manja. Tonse tinasonkhana, koma palibe anakuwira timu yake. Tinkadziwa kuti kamzere kakafika kumapeto, mmodzi wa awiriwa sitidzamuonanso, ndipo mayi aja atsala ndi mwana mmodzi pa sabata imene ataya mwamuna.

Mayiwo anatulukira ku chitseko chakumbuyo, kumene kuli nyumba yawo, akupukuta manja.

"Tchaja yobwereka ya chiyani?" anatero. "Zanu zilipo. Bwerani."

Tinawatsatira kuseri. Kumeneko kuli chingwe choyanikira zovala, chakuda, chochokera pa mtengo wa mpanda kukafika pa windo la bafa. Ine ndakhala ndikuyanikapo matawulo a saluni zaka zonsezi. Mayi aja anachigwira n'kuchigwedeza.

"Iyi ndi ya kondakitala uja. Iyi ndi yodwala ija. Iyi ndi imene inapsa ndi magetsi. Ya makoswe ndi iyo yayambira ku mpandayo."

Zinali zingwe za matchaja zokhazokha, zolumikizidwa ndi mfundo zaukhondo ngati za munthu womanga ukonde wa pagolo. Ine Wailesi, amene ndimadziwa za mimba mwini wake asanadziwe, ndinkapanika matawulo pa nkhani yaikulu ya mumsewu mwathu osaiona.

"Nanga timabokosi take?" anafunsa wokonza mafoni, mawu atachepa.

"Bedi lathu linali lopendekeka, tinachirikizira."

Chisamba anakhala pa chidebe chovundikira. "Ndiye bambo ankadziwa za batire?"

"Anazidziwa tsiku loyamba lomwe, asanagule n'komwe sopo wa khadi ija," anatero mayiwo. "Anayesa kamodzi zonse zili ku magetsi, chitseko atatseka. Atatuluka anandiuza kuti ndikufunika chingwe choyanikira."

"Ndiye inawina iti?" Funso limeneli linatuluka mwa ine, sindinalitume.

"Ndinakhala nawo pabanja zaka zonsezi chifukwa sindinkafunsa za mpira."

Mzime anapita pa windo la bafa n'kuyamba kumasula mfundo yoyamba. Mfundoyo inali yolimba. Pachingwepo panali chovala chimodzi chokha, malaya akuda a bambo awo oimbira mpira, amene mayi anachapa m'mawa umenewo, madzi akudonthabe m'mikono. Chingwe chitagwedezeka, malayawo anayamba kutsetserekera kumatope. Chisamba anadzuka n'kuwagwira paphewa.

"Tasiya kaye, iwe. Malaya a bambo sanaume."

Mzime anaima, dzanja lili pa mfundo. "Akauma, achimwene?"

"Amayi achapa zina. Ukufuna aziyanika pamutu pako?"

Mzime anayang'ana mkulu wake. Kenako anakoka mfundo ija n'kuilimbitsa kuposa mmene inalili. Wokonza mafoni anaika tchaja yake m'thumba, ndipo pobwerera ku shopu yake anatsikira mumsewu n'kuzungulira ngalande, popanda womuuza.

Masiku ano khonde lathu ndi laulemu, ndipo ulemu ndi chinthu chotopetsa. Makasitomala amakhala phee mpaka ndimalize mutu wonse. Mafuta anga a tsitsi akukhalitsa, mwina mpaka adzaola. Mphaka wa telala amagona pa nsalu za eni, alibenso udindo. Nthawi zina ndimazima choumitsira tsitsi pakati pa ntchito, kasitomala n'kufunsa kuti magetsi athima kodi, ine n'kunama kuti eya, pamene ndimafuna ndimve ngati kuseri kwa matabwa kukulira mafani awiri.

Malaputopu akadali patebulo paja, onse awiri. M'mawa uliwonse mayi aja amatsegula, kupukuta fumbi, n'kusamutsa tchaja yomatidwa tepi ija. Wezulo saliza, ati ilibe mpweya wa mwini wake. Koma Loweruka lomaliza la mwezi anyamata aja amabwera, pa galimoto imodzi, akukangana kuyambira pa depoti. Amakhala pa benchi yanga, ndipo tiyi masiku ano amasowa pomuika. Mwezi watha ndinamva Chisamba akufunsa ali pakhomo, chikwama asanatule:

"Lero ndinu amake ndani, amayi?"

"Amake Mzime."

"Basi ndaluza," anatero, akuvula jekete. "Iwe chitsiru, tayatsa tione."